Mvetserani kaye chitseko musanagule mota

Achimwene, mwati galasi la mbali ya pasenjala pa pikapu yanu linatsika n'kukakamira pansi, magalasi ena akuyenda bwinobwino, ndiye mukufunsa ngati mugule mota yatsopano yokweza ndi kutsitsa galasilo. Ine ndingati dikirani kaye. Zimandipweteka kuona munthu atagula mota pomwe vuto linali waya umodzi woduka.

Poti magalasi ena akuyenda, fyuzi sindikuikayikira kwambiri, komabe ioneni chifukwa galimoto zina zimakhala ndi fyuzi ya chitseko chilichonse payokha. Onaninso kabatani kokhomera magalasi kamene kali pachitseko cha dalaivala. Kakadinika, swichi ya pasenjala sigwira ntchito.

Kenako chitani izi. Tembenuzani kiyi mpaka magetsi a padashibodi ayake, injini musailize, wailesi muzimitse, koma kanyale ka m'denga kakhale koyaka. Wina adine swichi, inu khutu lili pachitseko, maso ali pakanyaleko. Yesani maswichi onse awiri, ya pachitsekocho ndi ya kwa dalaivala. Galasi likayenda ndi swichi imodzi n'kukana ndi inayo, mota ilibe mlandu. Dziwaninso kuti pagalimoto zambiri magetsi opita kugalasi la pasenjala amadzera kaye muswichi ya dalaivala, choncho iyoyo ikawonongeka imatha kupha galasi la mbali inayo.

Mukamva mota ikulira, kapena phokoso la zinthu zokhulana mkatimo koma galasi osasuntha, vuto lili pa regulator, chitsulo chimene chimanyamula galasilo. Ma regulator ambiri amakoka galasi ndi kachingwe kawaya kodutsa pa timawilo tapulasitiki. Kachingweko kakayamba kuthothoka kamapiringizika, kapena pulasitiki yogwira galasi imasweka. Zikatero siyani kudina, chifukwa mukapitiriza mupsereza ndi mota yomwe. Kulumikiza kachingweko sindikulimbikitsa, sikuchedwa kudukanso. Sinthani regulator yonse.

Ngati simukumva mota koma kanyale kaja kakuchepa mphamvu mukadina, ndiye kuti magetsi akufika, koma mota yauma kapena galasi lapanikizika. Gwirani swichi mokweza osasiya, ndipo menyani chitseko ndi chikhatho cha dzanja pamalo pamene pali mota. Mabulashi, tizidutswa todutsitsa magetsi m'kati mwa mota, akatha, kugwedezako kumawagunditsa kanthawi ndipo galasi limatha kukwera. Likakwera lisiyeni pomwepo, musalitsitsenso pofuna kuona ngati lachira. Silinachire, mota imeneyo yatopa.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi pamene chitseko changoti zii, kanyale osaphethira n'komwe. Apa ndi pomwe ndikufuna muchedwepo. Tsegulani chitseko, muone pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto pafupi ndi mahinji. Pali mphira wopindikapindika momwe mumadutsa mawaya onse a chitsekocho. Nthawi iliyonse mukatsegula ndi kutseka, mawayawo amapindika pamalo amodzimodzi, ndipo pakapita zaka amathyoka. Pikapu yogwira ntchito, yomwe anthu amangokhalira kukwera ndi kutsika, vuto limeneli silisowa, makamaka kuchitseko cha dalaivala, ndiye onani mbali zonse ziwiri. Kankhani mphirawo pambali, mukoke waya uliwonse pang'onopang'ono. Wina umaoneka wabwinobwino kunja koma ukatambasuka ngati lasitiki, dziwani kuti kopa wa m'kati waduka. Njira ina ndi yogwira swichi kwinaku mukuyendetsa chitseko pang'onopang'ono. Galasi likadzidzimuka pena pake, mwaupeza. Polumikiza, ikani chidutswa cha waya watsopano kuti mfundo zikhale kutali ndi popindikapo.

Mawaya akakhala bwino, chotsani chivundikiro cha m'kati mwa chitseko. Masikuluu amabisala kuseri kwa chogwirira ndi pansi pa potsamiritsa mkono, kwinako ndi timapini tapulasitiki tofunika kutikanula modekha. Pepala lapulasitiki lomwe mulipeze kuseriko musaling'ambe, ndi limene limatchinga madzi a mvula. Zulani pulagi ya mota, muyeze ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, wina akudina swichi. Muyenera kupeza ma volt pafupifupi 12, ndipo mukadina mbali inayo pozitivu ndi negativu zisinthane, chifukwa ndi mmene mota imabwererera m'mbuyo. Magetsi akakhalapo mbali zonse ziwiri koma mota osayenda, pamenepo gulani mota ndi mtima umodzi. Ngati motayo ndi ya mawaya awiri okha, mutha kuiyesa molunjika kubatire ndi waya wokhala ndi fyuzi. Ya mawaya asanu kapena asanu ndi umodzi musaiyese motero, ili ndi zamagetsi zina zosachedwa kupsa.

Chonde samalani zala. Musalowetse dzanja m'chitseko kiyi ali pamalo pake. Regulator ya mtundu wa sizasi ili ndi sipuling'i yamphamvu, ndipo mukamasula mota musanaipanikize, mikono yake imatha kufyatuka n'kukuvulazani kwambiri. Mukaona pulagi kapena mawaya achikasu, amenewo ndi a airbag, chotsani kaye waya wa negativu kubatire musanagwire pafupi nawo.

Mukamaliza, tsukani mphira wa m'mbali momwe galasi limayendamo. Fumbi likadzazamo galasi limalemera, ndipo n'zimene zimatopetsa mota. Thiranimo silicone spray, osati girisi kapena oilo wa injini amene amafufumitsa mphira ndi kukoka fumbi.

Ngati zipangizo simuzipeza msanga, masulani mabawuti ogwira galasi ku regulator, likwezeni ndi manja awiri, mulimate ndi tepi yolimba yodutsa pamwamba pa chitseko kuti galimoto isagone yotsegula. Tiuzeni zomwe mwamva mutadina swichi, mtundu wa pikapuyo ndi chaka chake, kuti tikuuzeni regulator imene ili m'chitsekomo.