Yankho la malume pa nkhani ya psychology ndi uloya

Eee mphwanga, uthenga wako ndinaumva m'mawa muja, koma ndinati ndiyankhe nditakhala pansi chifukwa funsoli si loyankha munthu uli pa msewu. Alamu, nanunso mumvetsere, nkhaniyi ikukukhudzani. Mwanayu akuti mtima wake uli pa psychology koma amakondanso nkhani za milandu, ndiye akufunsa ngati alipo amene anaphatikiza ziwirizi n'kupita nazo patali, kapena angochita za uloya monga mukunenera inu bambo ake. Alipo ndithu. Ndikuuza za mmodzi yemwe ntchito zake ndaziwerenga kwa zaka zambiri.

Dzina lake ndi Tom Tyler, wa ku America, anabadwa mu 1950. Digiri yoyamba anaitenga ku yunivesite ya Columbia mu 1973, kenako PhD ya social psychology ku UCLA mu 1978. Social psychology imeneyi si ija ya kuchipatala yothandiza odwala maganizo ayi, iyi imaona mmene munthu amaganizira ndi kuchitira zinthu akakhala pakati pa anzake. Anayamba kuphunzitsa ku Northwestern, kufupi ndi Chicago, anakhalako mpaka 1990, n'kupita ku Berkeley, kenako New York University mu 1997, ndipo mu 2012 anamutenga a Yale Law School. Alamu, pamenepa mumve bwino: bamboyu si loya, koma anakhala pulofesa pa imodzi mwa sukulu zotchuka kwambiri za malamulo ku America, n'kumaphunzitsa maloya ndi oweruza a mawa.

Chinamufikitsa kumeneko ndi funso limodzi lokha limene sanalisiye: n'chifukwa chiyani anthu amamvera malamulo? Nthawi imeneyo ambiri ankati yankho ndi mantha. Ukafuna anthu asiye kulakwa, onjezera apolisi, kulitsa chilango, basi. Iye anati tiyeni tiwafunse eni akewo. Mu 1984 gulu lake linaimbira foni anthu 1,575 a mu Chicago, patapita chaka anaimbiranso 804 mwa anthu omwewo. Ankawafunsa zinthu zazing'ono zatsiku ndi tsiku, monga kuthamangitsa galimoto, kuiimika pamalo oletsedwa, kutaya zinyalala paliponse, kuyendetsa utamwa, komanso mmene zinawathera pamene anakumana ndi wapolisi kapena woweruza. Zotsatira zake anazilemba m'buku la mu 1990 lotchedwa Why People Obey the Law.

Anapeza kuti mantha alipo inde, koma mphamvu yake ndi yochepa poyerekeza ndi chikhulupiriro chakuti akuluakuluwo ndi oyeneradi kuwamvera. Ndiye chikhulupiriro chimenecho chimachokera kuti? Apa ndi pamene pamandigwira mtima. Sichichokera kwenikweni pa kuwina mlandu. Munthu amayang'ana ngati anamupatsa mpata wolankhula mbali yake, ngati woweruzayo sanakondere, ngati anamulemekeza ngati munthu, komanso ngati anaona kuti wamkuluyo amamufunira zabwino, osati kungofuna kuthana naye. Maganizowa anayamba ndi John Thibaut ndi Laurens Walker mu 1975, mmodzi wa psychology wina wa malamulo, ndipo Tyler pamodzi ndi Allan Lind anawakulitsa mu 1988.

Achemwali, mukukumbukira mlandu wa malire a munda uja wa bambo athu? Iwe mphwanga unali usanabadwe. Tinakhala pabwalo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Amfumu anawasiya agogo ako alankhule mpaka mawu kuwathera, osawadula ngakhale kamodzi, nduna zinanyamuka kukaona chulu chija ankati ndiye malire, anafunsanso agogo ena achikulire amene ankadziwa mmene mundawo unagawidwira. Pamapeto pake mizere itatu inapita kwa aneba. Ine ndinali mnyamata, magazi anawira, ndinkati atibera. Koma iwo atafika kunyumba anakhala pakhonde, n'kuvula chipewa, anangoti, "Andimvera, ndaluza koma andimvera." Chaka chotsatira ankabwerekana khasu ndi aneba omwewo. Nditawerenga Tyler patapita zaka zambiri, ndinawaona bambo pakhonde paja. Zimene iwo ankazidziwa mumtima, iye anaziyeza ndi manambala mpaka akuluakulu a boma anayamba kumvetsera.

Ndipo anamvetseradi. Wapolisi atapha mnyamata wina dzina lake Michael Brown mu mzinda wa Ferguson ku America mu 2014, pulezidenti Obama anakhazikitsa komiti yoona za upolisi, ndipo lipoti lake la mu 2015 linaika nkhani yomanga chikhulupiriro pakati pa apolisi ndi anthu patsogolo penipeni. M'komitimo munali Tracey Meares, mnzake wa Tyler ku Yale, amene anayambitsa naye Justice Collaboratory, gulu lofufuza nkhani za chilungamo. Mu 2024 Tyler analandira Stockholm Prize in Criminology, mphoto ya akatswiri ofufuza za umbanda, pamodzi ndi katswiri wina, Gary LaFree. Tawerenga wekha, kuchokera 1978 kufika 2024, funso lake lomwe lija.

Koma ndisakunamize kuti zonse zinatha. Akatswiri ena amatsutsa kuti kufunsa anthu mafunso sikokwanira kutsimikiza kuti ulemu wa wapolisi ndi umene umasintha khalidwe la munthu, pakufunika kuyesa kwenikweni. Inenso ndili ndi nkhawa yanga. Munthu waudindo akhoza kuphunzira kulankhula mokoma, kukupatsa mpando, kukumvetsera mpaka umalize, koma chigamulo anachipanga kale dzulo. Waumphawi akapita kwawo mtima uli m'malo pamene munda wapita mwachinyengo, chimenecho ine sindingachitche chilungamo. Mafunso ngati amenewa akudikira anthu oti awafufuze, ndipo kuno kwathu, kumene munthu mmodzi amadutsa kwa amfumu, kupolisi ndi kwa majisitireti pa mlandu umodzi, nkhani zoti ufufuze ndi zambiri.

Tsono mphwanga, njira imeneyi ndi yaitali, usaiyambe ndi maso otseka. Digiri yoyamba siikwanira, pafunika masters, kenako PhD, ndipo pakatipo ndalama zimavuta, umadalira sikolashipu ndi kuphunzitsako ena. Chinanso, ana ambiri amathamangira psychology pothawa masamu, kenako amakakumana ndi statistics n'kuyamba kulira. Tyler sakanamveka popanda manambala aja. Ndiye statistics uigwire ndi manja awiri kuyambira chaka choyamba, ndipo uphunzire kulemba, chifukwa ku yunivesite amakukweza poona zimene wasindikiza. Ku University of Malawi ku Zomba psychology iliko, sukulu ya malamulo ilinso pompo, ndiye ukhoza kumacheza ndi a mbali zonse ziwiri, kumakakhalako m'khoti nthawi ya tchuthi n'kumaona mmene anthu amatulukira akaweruzidwa.

Alamu, nkhawa yanu ya ntchito ndaimva ndipo ndi yoona, sindikuipeputsa. Ndikungopempha kuti mwanayu tisamugamulire asanalankhule. Iwe mphwanga unditumizire mndandanda wa makosi amene ukufuna kulembera, ndiuone usiku uno. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndiimba foni, tikambirane tonse anayi, mayi ako akhalepo.