Laputopu ikukana Windows 11: ndikaika Linux, Wi-Fi ndi pulinta zidzagwira?

Funso: Ndine mphunzitsi wa ku Khombedza. Ndili ndi laputopu ya HP, Core i3, RAM ya 4GB, ndinagula kwa munthu ku Lilongwe. Ili ndi Windows 10 koma ikuchedwa kwambiri, ndipo Windows 11 ikukana kulowa. Mnzanga akuti ndiikemo Linux, ati ndi yaulere komanso yopepuka. Nkhawa yanga ndi yoti Wi-Fi, mawu kapena kamera zingasiye kugwira. Ndiike kapena ndingoisiya?

Yankho: Aphunzitsi, mnzanuyo sakukunamizani: Linux ndi sisitimu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Nthawi imene Microsoft inalonjeza kusamalira Windows 10 inatha pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, yomwe ikakhala ya Intel iyenera kukhala ya m'badwo wa 8 kapena woposa apo. Malaputopu ambiri amene amafika pa tebulo langa kuno ku Salima ndi akale kuposa pamenepo. Akadali ndi mphamvu ndithu, angotsekeredwa kunja basi.

Koma zoti Wi-Fi idzagwira kapena ayi, dzina la HP silingandiuze. Dzinalo lili pa chivundikiro, pomwe Linux imayang'ana tizipangizo ta mkati. Mutha kuika pa tebulo ma HP atatu ofanana ndendende, mutawatsegula n'kupeza kuti ina ili ndi kadi ya Wi-Fi ya Intel, ina ya Realtek, ina ya Broadcom. Kachipangizo kalikonse kamafuna driver, kapulogalamu kothandiza kuti sisitimu ikazindikire ndi kukagwiritsa ntchito. Pa Linux ma driver ambiri amabwera ali kale mu kernel, phata la sisitimu yonse, lomwe Linus Torvalds analiyamba mu 1991 ndipo anthu ndi makampani akuliwonjezerabe mpaka lero. Kampani ikamapereka ma driver ake poyera, monga imachitira Intel, zinthu zake zimangogwira tsiku lomwelo. Ikamawabisa, ndiye pamakhala ntchito. N'chifukwa chake laputopu yakale nthawi zambiri imayenda bwino pa Linux kuposa yongotuluka kumene m'katoni: anthu anapeza nthawi yolemba ma driver ake.

Ndiye musafufute kanthu musanayese. Kuika Linux osaiyesa kuli ngati kugula chambo usiku osachinunkhiza. Pezani fulashi ya 8GB, musamutse zonse zili momwemo chifukwa zifufutika. Tsitsani Linux Mint, umodzi mwa mitundu ya Linux, ndipo pa RAM yanuyo sankhani yopepuka ya Xfce. Fayilo yake ndi pafupifupi 3GB, pomwe ya Ubuntu 24.04, mtundu wina wa Linux, imayandikira 6GB, ndipo kwa ife ogula mabandulo kusiyana kumeneko ndi ndalama. Ilembeni pa fulashi ndi pulogalamu ya Rufus kapena balenaEtcher. Zimitsani laputopu, lowetsani fulashi, yatsani uku mukudinadina F9 mpaka patuluke mndandanda, musankhepo fulashiyo. Pa Dell ndi pa Lenovo zambiri batani lake ndi F12. Mint idzatseguka kuchokera pa fulashi pomwepo, Windows yanu ndi mafayilo anu zili chikhalire. Ikaoneka yozengereza musaiweruze msanga, vuto ndi fulashi.

Chizindikiro cha Install chisiyeni kaye. Onani ngati mayina a Wi-Fi akutuluka pakona. Imbani nyimbo, kenako lowetsani mahedifoni mumve ngati sipika yatonthola. Dinani mabatani ochepetsa ndi owonjezera kuwala. Yesani kamera, Bluetooth, ndi HDMI ngati kusukulu kuli pulojekita. Chimene ambiri amaiwala ndi ichi: tsekani chivundikiro, dikirani kanthawi mpaka kagetsi kayambe kuphethira, mutsegulenso. Laputopu ina imadzuka bwinobwino, ina imadzuka sikirini ili bii, ina imadzuka Wi-Fi itasowa. Bola mudziwire pa fulashi kusiyana ndi kudzazindikira pakati pa temu, malikisi a ana ali momwemo.

Wi-Fi ikapanda kuoneka, tsegulani Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo, mulembe `lspci`, mufufuze mzere wolembedwa Network controller. Pamenepo mpamene pali dzina lenileni la kadi yanu. Ngati ndi Broadcom, driver wake amaikidwa payekha kudzera mu Driver Manager mukamaliza kuika Mint. Mufunsa kuti, nanga nditsitsa bwanji driver wa Wi-Fi ndilibe Wi-Fi? Tengani foni ya Android yokhala ndi bandulo ya TNM kapena Airtel, ilumikizeni ndi kebulo, muyatse USB tethering. Linux imaiona ngati intaneti ya waya, sifunsa chilichonse. Komanso fulashi yomwe munaikira ija musafulumire kuifufuta, Driver Manager amatha kutenga driver wa Broadcom momwemo.

Pali msampha wina wotchedwa Secure Boot. Ikakhala yoyatsa mu BIOS, kapulogalamu ka pa bodi kamene kamayamba sisitimu isanayake, imakana driver amene sikumudziwa. Poika Mint mudzapemphedwa kupanga pasiwedi ya zimenezi, ndipo laputopu ikayakanso padzabwera sikirini ya buluu yolembedwa MOK. Anthu ambiri amachita mantha n'kuidumpha, mawa lake ali pakhomo panga ati Wi-Fi yafa. Sankhani Enroll MOK, lembani pasiwedi ija, basi. Kapena lowani mu BIOS ndi F10 muizimitse Secure Boot yo.

Makadi ena a Realtek, monga RTL8821CE yomwe ili m'ma HP ambiri, ankavuta kale, koma kuyambira kernel 5.9 driver wake anamuikamo. Choncho musabwereke fulashi ya Linux yomwe mnzanu anaikonza zaka zisanu zapitazo, tsitsani yatsopano. Zonse zikakanika, kadi ya Wi-Fi imasinthika, kungoti ma HP ndi ma Lenovo ena akale BIOS yake imakana kadi yachilendo. Apo timangogula ka Wi-Fi kobaya pa USB, koma nakonso mukayese pa fulashi musanalipire.

Za kuchedwa ndikuuzeni zoona. Mint idzapepukitsa laputopu, koma sichiza hadi disiki yotopa, ndipo masamba khumi a Facebook ndi YouTube amadya RAM chimodzimodzi kulikonse. Ngati mkatimo muli hadi disiki yozungulira, yomwe imamveka kuti tsetsetse mukaika khutu, ndalama yoyamba ipite ku SSD, disiki yachangu yosazungulira. Mafayilo anu a Word ndi Excel adzatseguka mu LibreOffice. Matebulo a ma scheme nthawi zina amasuntha pang'ono, ndiye chokapulintitsa kwina muzichisandutsa PDF.

Funso: Ndili ndi shopu yopulinta ndi kufotokopa pa Salima boma. Ndili ndi Epson L3110 ndi Canon LBP2900. Mavairasi a m'mafulashi a makasitomala anditopetsa. Ndisamukire ku Linux?

Yankho: Mayi, pa za mavairasi mwaganiza bwino. Kavairasi kaja kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut kanalembedwera Windows, pa Linux sikathamanga. Mumangokaona ngati fayilo wamba n'kukafufuta, mafoda a kasitomala amene kanawabisa ali poyera.

Koma kompyuta imene imakudyetsani musaisamutse yonse. Epson yo idzagwira, chifukwa kampaniyo ili ndi driver wa Linux pa tsamba lake, ngakhale wa sikana muyenera kumuika payekha. Canon LBP2900 ndiye mutu. Imagwiritsa ntchito njira ya Canon yokha yotchedwa CAPT, driver wake wa Linux ndi wakale ndipo kumuika n'kovuta. Imatha kupulinta lero, mawa mutayatsa n'kungokhala duu. Pa shopu pomwe mwana wasukulu waima pakhomo akudikira CV ya achimwene ake, zimenezo n'zosayenera. Onjezanipo kuti CorelDRAW, Publisher ndi Photoshop zilibe mtundu wa Linux. Zilipo zina monga Inkscape ndi GIMP, koma makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro amene munawakonza kale mudzavutika kuwatsegula momwe analili.

Ine ndikanati Windows ikhale pa kompyuta yopulintira, koma fulashi ya kasitomala isalowemonso. Pezani laputopu yakale, ngakhale yofooka, muikemo Mint, ikhale yolandirira mafulashi. Mukadzafuna pulinta ina mtsogolo, dziwani kuti ma HP ambiri amagwira pa Linux kudzera mu HPLIP, pulogalamu ya ma driver a HP, yomwe kawirikawiri imabwera ili kale m'sisitimu.

Funso: Achimwene, ndili ku Senga Bay. Ndikufuna Windows ndi Ubuntu zonse pa Dell imodzi. Pa fulashi zonse zikugwira, koma poika ikundiuza za Intel RST ndipo disiki sikuoneka.

Yankho: Disiki yanu ili bwino, mphwanga. Ma Dell ambiri amabwera BIOS itaikidwa pa RAID On, njira yolankhulira ndi disiki ya Intel RST yo, ndipo Ubuntu imafuna njira ina yotchedwa AHCI. Mumasintha polowa ndi F2, pa SATA Operation. Koma mukangosintha chonchi, Windows idzakana kuyaka, chifukwa inazolowera njira yakaleyo. Yambani mwaiuza Windows kuti ulendo wotsatira iyake mu Safe Mode, kenako musinthe BIOS, iyake kamodzi mu Safe Mode mo, mubwezeretse. Musanachite chilichonse onani ngati BitLocker, loko ya Windows yokhoma disiki, ndi yoyatsa, ndipo ngati ndi choncho lembani papepala nambala yake yotsegulira, ya manambala 48. Ikakufunsani mulibe, palibe fundi amene angakutulutsireni mafayilo. Zimitsaninso Fast Startup mu Windows, apo ayi Ubuntu idzakana kulemba mbali ya Windows ya disikiyo.

Kugawa disiki kumafuna batire lodzaza. Magetsi akathima ntchitoyo ili pakati, batire lanu lili lija la mphindi zisanu, mutha kutaya zonse ziwiri. Zofunika zikopereni pena kaye.

Mukamaliza mudzaona kuti mukachoka ku Ubuntu kubwerera ku Windows, wotchi yatsalira maola awiri. Musakasinthitse kabatire ka pa bodi. Linux imasunga nthawi ya UTC, yomwe dziko lonse lapansi limawerengerapo, Windows imasunga ya komwe muli, ndipo Malawi ili patsogolo ndi maola awiri. Mu Terminal lembani `timedatectl set-local-rtc 1`, nkhani yatha.

Funso: Chiikireni Linux laputopu ikutentha ndipo batire silikuchedwa kutha. Ndili ku Dwangwa.

Yankho: Onani ngati pali kapepala kobiriwira ka NVIDIA pafupi ndi kiyibodi. Malaputopu otere ali ndi makadi awiri a zithunzi, ndipo popanda driver woyenera kadi yaikuluyo imatha kukhala yoyaka ngakhale mukungolemba kalata. Ikani driver wa NVIDIA mu Driver Manager, musankhe kuti izigwiritsa ntchito ya Intel pa ntchito wamba. Pulogalamu ya TLP imathandizanso batire. Koma ndi kutentha kwa kunyanja kuno mu Okutobala ndi Novembala, ndiponso phulusa la nzimbe zowotchedwa kwanuko, yambani mwaika dzanja potulukira mpweya. Fani ikamalira koma mpweya wosatuluka, mkati mwatsekeka, ndipo imeneyo ndi ntchito ya sikuludalaiva ndi kaburashi.

Funso: Kalaputopu kakang'ono ka 1GB, kokhala ndi Intel Atom, kangalandire Mint?

Yankho: Mwina ayi. Ma Atom oyambirira ambiri ndi a 32-bit, mtundu wakale wa purosesa, ndipo Mint inasiya mtundu umenewo kuyambira pa Mint 20, Ubuntu nayonso inausiya. Yesani Linux ina yotchedwa antiX, inapangidwira makina ofooka chonchi. Kulemba makalata ndi kuimba nyimbo kadzatha, koma YouTube muzionera pa foni.