Kodi ndiwadzutse akuluakulu kapena ndipirire mpaka kuche?

Ndalandira imelo kuchokera kwa dokotala wachitsikana amene wangomaliza maphunziro ake ku University of Zambia, ndipo watumizidwa kuno ku chigawo cha Kum'mawa kudzayamba ntchito ngati junior resident medical officer (dokotala woyamba kumene amene amagwira ntchito moyang'aniridwa). Iye akuti akuopa usiku woyamba umene adzatsale yekha pa wodi, ndipo akufunsa ngati kuimbira foni dokotala wamkulu pakati pa usiku sikudzamuonetsa ngati munthu wosadziwa ntchito. Ndasankha kumuyankhira pano chifukwa ambiri amene akuyamba ntchitoyi ali ndi mantha omwewa, kungoti safunsa.

Adokotala, imbani. Chiphaso chimene bungwe la Health Professions Council of Zambia limakupatsani poyamba ndi chongoyembekezera, ndipo chimatanthauza kuti mukugwira ntchito moyang'aniridwa pamene mukuzungulira m'madipatimenti a matenda a akuluakulu, a maopaleshoni, a ana ndi a amayi oyembekezera. Choncho dokotala wamkulu amene dzina lake lili pa ndandanda ya usiku umenewo ali pa ntchito ngati inu nomwe, ngakhale akhale kunyumba kwake, ndipo kumuimbira si kumupempha chifundo ayi.

Muyeneranso kudziwa odwala amene mudzakumane nawo. Chipatala chachikulu ngati Chipata Central Hospital chimalandira anthu otumizidwa kuchokera ku Lundazi, Chadiza, Vubwi ndi Mambwe, ndipo chipatala cha St Francis ku Katete nachonso chimalandira ochokera kutali. Wodwala wotere amakhala atayamba wadikira kumudzi, kenako wapita ku kiliniki, kenako ku chipatala cha boma lakwawo, ndipo pofika kwa inu usiku nthawi yoyembekezera imakhala itatha kale panjira. Mukati "tione mmene acherere," mukuwononga maola amene iye alibe.

Komabe pali kuimba kothandiza ndi kuimba kongotula nkhawa, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa. Tiyerekeze kuti ndi mwezi wa February, mvula ili pakati, ndipo abwera ndi mwana wa zaka zitatu amene thupi lake likutentha, wakomoka kawiri panjira, zikhatho zake zayera ndipo akupuma mobanika. Musanagwire foni, muyezeni kulemera kwake, muyezeni shuga chifukwa malungo aakulu amatsitsa shuga ndipo zimenezi zimakonzeka m'mphindi zochepa, tengani magazi oyezera malungo ndi Hb (kuchuluka kwa magazi m'thupi), ndipo ikani kanyula (kapaipi kolowetsa mu mtsempha). Malungo akapezeka, jakisoni wa artesunate amaperekedwa nthawi yomweyo, kenako pakatha maola 12, kenakonso pa maola 24, ndipo mwana wosakwana makilogalamu 20 amalandira 3 mg pa kilogalamu iliyonse. Mukatero imbani, ndipo lankhulani mwadongosolo: dzina lanu ndi wodi imene muli, msinkhu wa mwanayo, zimene mwapeza ndi manambala ake, zimene mwachita kale, ndiponso chimene mukufuna. Nenani momveka kuti, "Ndikuona kuti mwanayu akufunika magazi, ndipo ndikupempha kuti mubwere mudzamuone." Munthu wodzutsidwa ku tulo amamva msanga mawu otere kusiyana ndi akuti "kuno kuli mwana wodwala kwambiri."

Pali nthawi zina pamene simuyenera kumaliza chilichonse musanaitane. Mayi akamataya magazi ambiri atangobereka, tumani wina aimbe foni pamene inu ndi mzamba mukusisita chiberekero, mukupereka oxytocin (mankhwala olimbitsa chiberekero kuti magazi asiye kutuluka), mukuika madiripi ndiponso mukutumiza magazi ku labu. Chimodzimodzi munthu amene mimba yake yauma gwa atachita ngozi pa msewu wa Great East.

Sindikubisirani kuti akuluakulu ena adzakuyankhani mokalipa, ndipo ena adzakufunsani mafunso ngati muli m'mayeso. Zimapweteka, makamaka anamwino akumvetsera, koma kukalipa kumeneko kumaiwalika pofika m'mawa, pamene funso lakuti "munalekeranji kuimba?" limakutsatirani mpaka ku msonkhano wounika imfa ya wodwalayo. Mukamaliza kulankhula, lembani mu fayilo nthawi imene munaimba, amene munalankhula naye ndi zimene mwagwirizana. Ngati foni siyankhidwa, lembaninso zimenezo, kenako imbirani wotsatira pa ndandanda.

Ine ndimaona kuti chimene chimapulumutsa dokotala watsopano kwambiri ndi anamwino. Asisita amene akhala pa wodi ya ana zaka zambiri akakuuzani kuti mwana wa pa bedi la kukona sakuwasangalatsa, nyamukani mukamuone ngakhale manambala ake akuoneka abwino. Ma clinical officer ndi ma medical licentiate, amene amaona odwala ngakhale si madokotala, nawonso aona zambiri zimene inu mwangoziwerenga m'mabuku, ndipo kuwafunsa sikuchotsa kanthu pa udokotala wanu. Musanyozenso agogo kapena amayi amene akugona pansi pafupi ndi bedi kusamalira wodwala wawo. Apatseni moni mwaulemu, ndipo afunseni kuti, "Amayi, mwanayu wayamwa liti komaliza? Wakodza kangati chiyambire madzulo? Kunyumba munam'mwetsa chiyani?" Mukafunsa funso lomalizali mosaweruza, adzakuuzani ngakhale za mankhwala achikuda, zimene sakanaulula mukanayamba ndi kuwadzudzula.

Za inu mwini ndinene chimodzi chokha. Mukadzibaya ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito, sambani pamalopo ndi sopo ndi madzi ndipo nenani usiku womwewo, chifukwa mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa msanga, pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28.

Tsiku loyamba mukafika, lisanalowe dzuwa, pemphani ndandanda ya madokotala a usiku ndipo sungani manambala awo mu foni, pamodzi ndi a ku labu, a kosungira magazi ndi a ku fiyeta (chipinda cha maopaleshoni). Funsani asisita kumene amasunga makina oyezera shuga, okosijeni ndi mankhwala a mwadzidzidzi, ndipo muzione ndi maso anu. Onetsetsaninso kuti foni ili ndi moto ndi ndalama zoimbira.