Kodi Khirisimasi ya ana anga izingokhala ya kwa abambo awo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, mu Harare muno ku Zimbabwe, amene wapempha kuti dzina lake ndisalitchule. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Ine kwathu ndi ku Dedza, koma ndinakwatiwa kuno ndi Mshona wa ku Murehwa. Tili ndi ana awiri, wina zaka 6, wina zaka 3. Chaka chilichonse Khirisimasi timakadyera kwa apongozi. Amandisunga bwino, sindinganame, koma ana anga sadziwa chilichonse cha kwathu. Mayi anga akaimba pa WhatsApp, ana amangowayang'ana, moni weniweniyu osatha kuyankha, mapeto ake mayi amalira. Chaka chino ndikufuna tipite ku Malawi, apo ayi titsale kuno ndikonze Khirisimasi yachikwathu. Bambo a kunyumba akuti ndikufuna kuwachititsa manyazi kwa makolo awo. Nditani?"

Achemwali, ndiyambe ndi mawu amene mwina sakusangalatsani: tsiku la 25 musalimenyere nkhondo. Mungathe kupambana, koma mudzadya mpunga wanuwo ndi mwamuna wotupa masaya, ndipo ana, ngakhale wa zaka zitatuyo, adzaona kuti zinthu za kwa amayi awo ndi zimene zimabweretsa mkangano m'nyumba. Pali masiku ena ozungulira tsikulo amene palibe akuwalimbirana, ndipo ndi amenewo ndikufuna muwatenge.

Koma poyamba timvetse chimene chikuliza mayi anu, chifukwa si moni yekha ayi. Kwathu kwa Achewa ana ndi a kuchikazi. Adzukulu amenewo mayi anu amawawerenga m'mbumba yawo, ndipo mwini mbumba ndi mlongo wanu, malume wa anawo. Kuno zinthu zinatembenuka: roora (malowolo) ikaperekedwa, ana ndi a kwa bambo, amatenga mutupo (mfunda) wa bambo, ndipo kumusha kwawo ndi kumene kuli manda a makolo a bambo. Ndiye amuna anu akamati "ana apite kwawo," akunena zoona monga anakulira, mayi anunso akamati "ana anga anatayika ku Harare," akunena zoona monga anakulira. (Anzathu a ku Rumphi kapena ku Nsanje, amene nawonso amalowola, nkhaniyi siwavuta chonchi.) Kodi amuna anu munawafotokozerapo zimenezi? Ambiri sadziwa n'komwe. Iwo amangoona ngati apongozi awo ndi ovuta.

Za ulendo wa ku Malawi mu Disembala, ine ndinganene kuti dikirani. Basi yochokera ku Roadport kudzera pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka kukatulukira pa chipata cha Dedza, nyengo ino imadzaza, mitengo imakwera, ndipo pa zipata anthu amaima mzere wautali. Kutentha kwa ku Tete ndi mwana wa zaka zitatu pamiyendo si masewera. Chinanso ndi malungo. Harare ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,500, ndipo malungo si ambiri, choncho ana okulira kuno matupi awo sanazolowere. Kuwatengera kumudzi m'kati mwa dzinja, udzudzu uli pachimake, kumafuna neti komanso kukaonana ndi adokotala musananyamuke. Holide ya Ogasiti ndiyo yabwino: kulibe matope, anthu akolola, mtedza ndi mbatata zilipo, agogo ali ndi mpata wokhala pamphasa ndi adzukulu m'malo mothamangira kukapalira. Yambani kusunga ndalama ndi kukonza mapasipoti a ana tsopano, ndipo mayi anu muwauze mwezi wake kuti akhale ndi choyembekezera.

Tsopano tibwere ku masiku amene ndikunena aja. Pa 22 Disembala ndi Unity Day, holide, ndipo sukulu zimakhala zitatsekera kale. Ngati ku Murehwa mumanyamuka pa 24 kapena m'mawa wa pa 25, muli ndi masiku awiri kapena atatu m'nyumba mwanu momwe, mmene mwini khitchini ndinu.

Phikani thobwa. Chimera cha mawere kapena mapira chimapezeka ku Mbare Musika, ufa wa mgaiwa muli nawo kale. Muphike phala, lizizire mpaka chala chizilowa osapsa, kenako mwana wamkuluyo athire chimera ndi dzanja lake. Muoneni nkhope yake phala lolimba lija likayamba kusungunuka n'kukhala madzi pamene iye akutakasa. Kwa mwana wa zaka 6 amenewo ndi matsenga. Muvindikire, ligone, m'mawa muwiritsenso. Wamng'onoyo mupatseni nthochi zakupsa kwambiri azifinya m'mbale, zikhale za zitumbuwa. Adzadzola m'tsitsi ndi m'makutu momwe, musiyeni. Pamenepo ndiye imbani foni ku Dedza, kamera muilozetse pa m'phika. Mayi anu sadzafunsanso kuti "mwadzuka bwanji" n'kumadikira yankho; adzayamba kukalipa kuti chimera chachepa, moto wachuluka, ndipo ana adzamva Chichewa chenicheni chikugwira ntchito yake. Foni zathu zambiri zimalephera chifukwa timaimika mwana ngati ali pa mayeso, "lankhula ndi agogo, nena zikomo," mwana n'kuchita manyazi n'kuthawa. Agogo apatsidwe ntchito, mwana apatsidwe ntchito, mawu amabwera okha. Chenjezo lokha: thobwa likakhalitsa masiku m'nyengo yotentha ino limasasa n'kuyamba ukali, ndiye la ana likhale la tsiku loyamba kapena lachiwiri.

Madzulo, makamaka magetsi akazima monga amachitira, nthano. "Padangokhala!" ana ayankhe "Tili tonse!" Sadzavutika, poti kwa agogo awo a ku Murehwa anazolowera kale kuyankha "Dzepfunde", ndipo Kalulu wathu ndi Tsuro wawo makhalidwe ake ndi amodzi. Abambo awo anene nthano imodzi m'Chishona, inu imodzi m'Chichewa, ndipo ya nyimbo ndiyo imagwira msanga.

Ngati mumapemphera ku mpingo wa Chishona kapena wa Chingerezi, Lamlungu limodzi mu Disembala muno apititseni ana ku CCAP. Sinodi ya Harare inachokera kwa makolo athu amene ankabwera kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu. Utumiki wake unayamba mu 1912, ndipo inalowa mu CCAP mu 1965. Mpaka lero m'mipingo yake mumamveka nyimbo za Chichewa, amayi a Mvano ali mu yunifolomu zawo. Ana a Sande sukulu nyengo ino amakhala akukonzekera sewero la kubadwa kwa Yesu, abusa a nkhosa atafunda zitenje za amayi awo, Herode akuopseza ndi lupanga la katoni. Chimene mwana wanu adzapeze kumeneko n'chakuti Chichewa si chinenero cha amayi ake okha ndi gogo wa mu foni. Ana ena amsinkhu wake, obadwira ku Mbare, Highfield, Mabvuku ndi Tafara, nawonso amachidziwa. Izi n'zofunika kuno, kumene mabanja ambiri anabisa chinenero chawo chifukwa chotopa ndi kutchedwa mabwidi kapena anthu opanda mutupo. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa zinenero 16 zovomerezeka, koma mwana saphunzira kunyada kuchokera m'malamulo.

Kenako pitani ku Murehwa, ndipo mupite ndi mtima wonse. Kumeneko ndinu mtengwa, muroora, mudzadzuka m'mamawa kusesa pabwalo, kutenthetsa madzi osamba, kusosola nkhuku. Kwa eni kulibe mkuwe. Ana avale zovala zawo zatsopano, aombe m'manja mwa Chishona polonjera asekuru (agogo aamuna), adye buledi wa jamu ndi tiyi wamkaka, amwe Mazoe, athamange ndi asuweni awo kupempha Khirisimasi bokisi khomo ndi khomo. Zimenezonso ndi zawo, musazione ngati zolanda malo anu. Koma musapite chimanjamanja. Chigubu cha thobwa lija chikwere nawo, pamodzi ndi beseni la zitumbuwa, ndipo ngati mwapeza wobwera nawo kuchokera kumudzi, mpunga wa Kilombero. Fungo lake lokha apongozi adzafunsa okha kuti wachokera kuti. Wopereka akhale mwana: "Izi tapanga ndi amayi, ndi za kwa agogo a ku Malawi." Gogo amene angakane chikho chochokera m'manja mwa mdzukulu sindinamuonepo. Musanyamule mapoto asanu ngati mukukatsegula lesitilanti yopikisana ndi apongozi. Chinthu chimodzi kapena ziwiri, chaka ndi chaka chomwechomwecho, mpaka tsiku lina mudzamva iwo eni akufunsa kuti thobwa la chaka chino lili kuti.

Ngati mukuopa kuti zikalandiridwa molakwika, yambani mwalankhula ndi atete a ana, mlongo wa amuna anu. Kwa Ashona iyeyo ndiye mkhalapakati wa nkhani za m'banja, ndipo mawu amene angamveke ngati mwano atatuluka pakamwa panu, kwa iye amamveka ngati malangizo.

Pa za Father Christmas ndi mtengo wa magetsi simunafunse, koma ena amafunsa. Ine sindiona vuto kupita ndi ana m'tauni madzulo kukaona magetsi a ku First Street ndi Africa Unity Square, kapena kukajambulitsa ndi nkhalamba ya ndevu za thonje ija ikutuluka thukuta mu suti yofiira. Bola musalowe m'ngongole chifukwa cha zidole, pakuti Januwale akubwera ndi fizi, yunifolomu ndi nsapato, ndipo wamkuluyo ndiye msinkhu wa Grade 1.

Amuna anu mukawauze usiku uno kuti ku Murehwa mupita monga mwa nthawi zonse. Akapuma mpweya wa mpumulo, pomwepo muwauze kuti pa 22 ndi pa 23 ndi masiku a ku Dedza ndipo iwo akhalepo, osati kukawotcha nyama ndi anzawo, komanso kuti ulendo wa Ogasiti ndalama yake muyamba kusonkha nonse awiri mwezi wa mawa. Msewu wa ku Nyamapanda umadutsa pa Murehwa pomwepo, ndiye popita mungathe kugona kwa apongozi usiku umodzi, iwonso apereke kamphatso kawo kopita kwa asewere awo ku Dedza.