Kukonzanso ndege zankhondo zakale kapena kugula zatsopano?

Achimwene, mwafunsa ngati si nzeru kungokonzanso ndege zakale m'malo motaya ndalama pa zatsopano. Taonani zomwe zidachitika ku India ndi ndege zankhondo za MiG-21.

Ndegezi adayamba kuzigwiritsa ntchito mu 1963. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 adatengako pafupifupi 125 n'kuziika radar (chipangizo choonera ndege zina zili patali) yatsopano ya ku Russia yotchedwa Kopyo, komanso mizinga ya R-77 yotha kugwetsa mdani asanaoneke ndi maso. Adazitcha Bison. Zimayenera kungogwirizira podikira Tejas, ndege yopangidwa ku India komweko. Koma Tejas idachedwa zedi, ndiye Bison idakakamizika kuuluka mpaka September 2025.

Radar, kompyuta, ngakhale injini mutha kusintha, koma thupi la ndege limatopa. Nthawi iliyonse ikakhota mwamphamvu mapiko amapindika pang'ono, ndipo pakapita zaka timing'alu timayamba pomwe phiko lalumikizana ndi thupi. Komanso mphuno ya MiG-21 ndi yothina poti mpweya wa injini umalowera pomwepo, choncho radar yaikulu siingakwanemo. Ngozi nazo zidachuluka mpaka anthu kumaitcha bokosi la maliro louluka.

Kwa ine, kukonzanso kumapindula ngati thupi lidakali lolimba ndipo muli malo oikamo zida zatsopano, monga momwe Taiwan idasandutsira ma F-16 ake akale kukhala F-16V. Koma zoti ndege izivuta kuoneka pa radar ngati momwe ilili ndege ya ku America ya F-35 zimachokera makamaka pa kaumbidwe ka thupi lenilenilo, ndipo palibe makaniko angaziwonjezere pa MiG-21.