Za magazi a mwana woyetsemula nyengo ya jakaranda

Achemwali, mwati adokotala akuti magazi a mwana wanu "akajambulidwa" ku labotale kuti aone ngati mungu wa mitengo ndiwo ukumuyetsemulitsa Okutobala aliyense, ndiye mukuopa kuti ndi X-ray. Mtima m'malo. Mwanayo salowa m'makina ayi, angomutenga magazi pang'ono pamkono basi.

Chomwe amasaka ndi IgE, asilikali a m'magazi amene amayambitsa ziwengo, omwe anatulukiridwa m'zaka za 1966 ndi 1967. Madzi a magaziwo amawadonthezera pa kagalasi kokhala ndi timadontho tosaoneka ndi maso, kalikonse kali ndi puloteni yakeyake: ka mungu, ka ubweya wa mphaka, ka mtedza. IgE ikapeza mdani wake imakakamira pomwepo. Akatsuka, amathira mankhwala owala amene amangogwira pa IgE, makina a laser n'kujambula kagalasiko, kompyuta n'kuyeza kuwala kwa kadontho kalikonse. Chithunzi chake n'chimenecho. Kagalasi kena kotere, kotchedwa ISAC, kali ndi mapuloteni 112. Poyeza chinthu chilichonse pachokha, monga pa choyezera china chotchedwa ImmunoCAP, mumalandira nambala yosonyeza kuchuluka kwa IgE m'muyezo wa kUA/L, ndipo malire odziwika oti IgE yapezeka ndi 0.35.

Koma jakaranda musafulumire kumuimba mlandu. Amaonekera kwambiri mu Harare muno, misewu yonse ya m'dera la Avenues ili mbuu ndi maluwa, koma mungu wake amanyamula ndi njuchi. Wouluka ndi mphepo ndi wa mitengo ya cypress, paini ndi mabulosi, komanso wa udzu. Onjezanipo fumbi ndi utsi wa moto wolusa nyengo yomweyo.

China, zoyezerazi zambiri amapangira ku Ulaya, ImmunoCAP kwawo ndi ku Uppsala, ku Sweden. Mupezamo birch, mtengo umene mwina mwana wanu sanauonepo, pamene mtengo wa kuno wotchedwa msasa mungausowe. Ndipo kadontho ka birch kangathe kuwala kokha chifukwa mapuloteni ena, monga profilin, amafanana m'zomera zambiri. Kuwala sikutanthauza kudwala. Adokotala ayenera kuphatikiza nambalayo ndi zimene inu mumaona kunyumba, choncho muzilemba masiku amene wayetsemula ndi kumene anali.

Za mapiritsi a ziwengo a cetirizine mwafunsazo, sasokoneza kuyeza magazi. Amasokoneza kuyeza kwa pakhungu, kodonthezera mankhwala n'kubaya pang'ono kuja, nchifukwa chake pamenepo amauza munthu kuti asiye kaye masiku angapo.

Musanatulutse madola anu, funsani kuti pa mndandanda wa zimene labotaleyo imayeza pali mitengo iti, komanso ngati udzu ulipo.