Aphunzitsi akuti ndiyeze chambo ndi HPLC, ndivomere?

Wophunzira wina wa chaka chachitatu, yemwe akuchita za nsomba ku yunivesite, walemba kuti: "Aphunzitsi akufuna kafukufuku wanga womaliza akhale woyeza ATP mu mnofu wa chambo ndi makina a HPLC. Abambo anga, omwe anagulitsapo nsomba ku Mangochi, akuseka. Akuti iwo amangoona maso a nsomba n'kudziwa ngati ili ya lero. Ndivomere?"

Abambo anu sakunama, ndipo musalimbane nawo. Maso, fungo ndi kulimba kwa mnofu zimawauza zambiri. Koma zimenezi zimaoneka bwino nsomba ikayamba kutembenuka. Inu mukayeza zomwe zimachitika mkati fungo lisanamveke, pogwiritsa ntchito HPLC, makina olekanitsa ndi kuyeza zinthu zosungunuka m'timadzi.

Nsomba yamoyo imasunga mphamvu zake mu kanthu ka m'maselo kotchedwa ATP. Ikafa, posakhalitsa ATP imasiya kupangidwa, n'kumangophwanyika motsatizana: ADP, AMP, IMP, inosine, kenako hypoxanthine. IMP ndi yomwe imapatsa nsomba yongovuula kumene kukoma kuja, pamene hypoxanthine ikachuluka imabweretsa kakuwawa. M'chaka cha 1959, Saito ndi anzake ku Japan anakhazikitsa muyeso wotchedwa K-value: mumaphatikiza inosine ndi hypoxanthine, n'kugawa ndi zonse zisanu ndi chimodzi pamodzi (ATP ndi zisanu zija), n'kuchulukitsa ndi 100; nambalayi imakwera nsomba ikamakhalitsa. Kumeneko nsomba yodya yaiwisi imafunika ikhale pansi pa 20 peresenti. Musangotenga nambala imeneyi n'kuiveka chambo. Mitundu ya nsomba imasiyana, ina imaunjika inosine, ina imathamangira ku hypoxanthine, ndipo kuona mmene chambo chathu chimachitira ndiwo mutu wa kafukufuku wanu.

Makinawo asakuopseni. Mumabaya timadzi ta mnofu tosefa bwino, pampu n'kutikankha kudutsa mu kachubu kotchedwa C18, zinthu zija n'kumatuluka chimodzichimodzi, chilichonse pa nthawi yake. Kuwala kwa UV pa 254 nm kumaziona, kompyuta n'kujambula timapiri. Wa mu labu woleza mtima akhoza kukuphunzitsani zimenezi m'masiku ochepa.

Ophunzira ambiri amagwera kunja kwa labu. ATP sidikira munthu. Mukagula chambo ku Limbe, simukudziwa kuti chinafa liti, kapena chinakhala maola angati padzuwa. Ngakhale kugombe, nsomba yomwe yagona usiku wonse ikuphupha mu ukonde imakhala itatha kale mphamvu zake isanafe. Ine ndikanakhala inu, ndikanatenga nsomba za padamu, n'kuzipha ndekha mwachangu, wotchi ili m'manja. Zina pa ayezi, zina pamthunzi monga zimakhalira pamsika, n'kumadula kanyama ka pamsana pa maola omwe mwaikiratu. Kanyamako kaperedwe nthawi yomweyo mu perchloric acid wozizira kuti ma enzyme aleke ntchito, kenako muthire potassium hydroxide kuti asidiyo athe ukali, chifukwa timadzito tikakhalitsa mu asidi, ATP imaphwanyikabe. Mukachedwa apa, makina adzakupatsani nambala zokongola koma zabodza. Ndipo asidi ameneyu si wamasewera: magolovesi, magalasi, komanso wamkulu wa labu pafupi.

Musanasaine fomu, pitani kwa aphunzitsi anu ndi mafunso osachita nawo manyazi. Makinawo ali kuti, ndipo anagwira ntchito komaliza liti? Kachubu ka C18 kalipo? Nanga ma standard, zinthu zisanu ndi chimodzi zija zoyera zochokera kufakitale, omwe popanda iwo simungadziwe kuti phiri ili ndi IMP kapena inosine, adagulidwa kale kapena "akubwera"? Zoitanitsa kunja zimatha kutenga miyezi, ndipo chaka chanu chomaliza sichidikira forex. Funsaninso za jenereta ya firiji, poti magetsi akazima usiku umodzi ntchito ya mwezi wonse imasungunuka. Ma standard akapanda kuoneka ndi maso anu, pemphani mutu wina.

Za ntchito, ndisakunamizeni: simudzaona malonda ambiri ofuna munthu woyeza K-value. Chomwe olemba ntchito adzaone ndi dzanja lodziwa HPLC. Makina omwewo amayeza poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin mu mtedza ndi chimanga, komanso mphamvu ya mankhwala a kuchipatala, ntchito zomwe mabungwe ngati Malawi Bureau of Standards ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority amayang'anira. Pa CV musadzalembe kuti "ndinafufuza za chambo" basi. Mudzatchule kuti munakonza ma sampulo, munapanga calibration curve (mzere wochokera ku ma standard woyezera kuchuluka kwa chinthu), ndipo munawerenga zotsatira nokha.

Abambo anuwo muwalowetse mu kafukufukuyu. Aziona nsomba zomwezo pa maola omwewo, osawauza kuti iyi yagona pati, inu n'kumalemba chigamulo chawo pambali pa nambala za makina. Poyerekeza ziwirizi mupezapo chaputala chathunthu cha lipoti lanu.